Mlandu wa Kadiresi ka Chidole

Khalani pansi nonse. Iwe uli kukhomoko, tseka chitseko, udzudzu usalowerere mlandu wa eni ake. Mafoni onse abwere pamphasa pano, muwavundikire ngati mbale zotsuka. Ndikangoona chala cha munthu chikukanda galasi, mlandu wake ndiwo uyambe. Sindinakuitanireni maliro, ngakhale nkhope yangayi ikuoneka ngati ya wolengeza zovuta. Ndakuitanirani nkhani ya diresi. Diresi lake la chidole.

Mukuseka? Sekani mumalize, ndikudikirani. Ine ndaphunzitsa kusoka ku pulayimale zaka zoposa 30. Ana a eni ake ndinkawaphunzitsa kupinda mpendero, kusokerera batani, ndi kuika chigamba chosachititsa manyazi. Nsalu ndikaitsina ndi zala ziwiri ndimadziwa ngati idzapirire mwala wochapira kapena idzasuluka tsiku loyamba. Ndiye m'nyumba ya munthu wotereyu, magazi anga enieni akutumiza ndalama kwa anthu osawadziwa, kugula nsalu yosaigwira, yoti avale munthu wosapuma. Ndikakhala chete, makolo anga amene anagona ku Ntcheu adzandifunsa kuti unali kuti.

Tiyambe ndi iwe, mkazi mnzanga. Usabise nkhope, ndiwe wamkulu pa adzukulu onse, uli ndi digiri, uli ndi mwana. Unaona chithunzi pa Facebook: diresi la pinki lonyezimira, tinsapato take, kachikwama, ndi kachisoti ka mfumukazi. Chithunzicho chinadzaza foni yonse, iwe mtima uli dyokodyoko. Mtengo sanalembe. Anangoti ofuna awapeze ku inbox. Ndinakufunsa kuti inbox ili mbali iti ya msika wa Limbe, kwa ansomba kapena kwa akaunjika, iwe n'kumandiseka. Komatu funso langa linali ndi mutu. Wogulitsa wobisa mtengo amafuna ayambe waona nsapato zako. Pafoni nsapato zako ndi zithunzi zija mumadzijambula mutatsamira galimoto za eni ake, ndipo mtengo umakwera pamodzi ndi galimotoyo.

Kenako anakuuza mawu amene amauza aliyense: zatsala ziwiri zokha, anthu akulimbirana, tumizani dipoziti ndikusungireni. Ana inu, ine ndinayamba kugula tomato amayi anu asanabadwe, ndipo sindinaonepo mulu womaliza umene unalidi womaliza. Pansi pa benchi pamakhala dengu lina. Koma iwe liwiro kwa ejenti, kuika ndalama mufoni, kutumiza. Akuluakulu anati sagula mbereko mwana asanabadwe. Iwe unagula mbereko ya mwana wapulasitiki, mberekoyo ili kutsidya kwa nyanja.

Anakulonjeza masabata atatu. Masabata atatuwo anabereka ena atatu, ndipo ine ndinkamva ndili kuchipinda ukuwerenga mayankho ake mokweza. Lero katundu ali m'ndege. Mawa ali pachipata cha Songwe. Ndinadabwa nayo ndege yoima pamzere wa mathiraki kudikira chidindo. Mkuja akuti wagwidwa ndi za msonkho, onjezerani pang'ono. Kenako netiweki. Kenako azakhali ake amwalira. Azakhali amenewo, Mulungu awalandire, anamwalira kawiri mwezi umodzi.

Tsiku la tsikulo wakabaza anaima pageti. Tinatuluka tonse, ine nditamangirira chitenje poganiza kuti tithandizana kunyamula katoni. Mnyamatayo anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapulasitiki konga kaja amaikamo mapiritsi kuchipatala. Diresi lodzaza foni lija linakwana m'chikhatho changa, zala n'kutsala. Chidole cha mwana wako ndi chija chonenepa, chonga khanda, chotsinzina ukachigoneka. Diresilo silinadutse ngakhale pamkono wake. Kachisoti kanalibemo, ndipo utafunsa anati kanali kongokongoletsera chithunzi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Tsopano tcherani khutu, mphunzitsi wadzuka. Zidole zili ndi misinkhu ngati anthu. Chija cha miyendo ya kakowa, chimene mumati Barbie, n'chotalika masentimita 29 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo zinthu zake amazipanga pochepetsa za munthu weniweni ka 6. Anachiyambitsa ndi mayi wa ku America, Ruth Handler, mu 1959, n'kuchitcha dzina la mwana wake Barbara. Mayiyo mutu unkagwira: chidole umagula kamodzi, koma zovala zake uzigulabe mpaka mwana atatha msinkhu. Werengerani nokha zaka, mupeza kuti Barbie ameneyu ndi mng'ono wanga wonditsatira. Onani chiuno chake, muone changa, muone amene wadya nsima moona mtima.

Mu 2016 eni ake, kampani ya Mattel, anatulutsa enanso: wamtali, wamfupi, ndi wina wodzaza m'chiuno ngati ife akuno. Choncho wogulitsa angalumbire bwanji kuti diresi ndi la Barbie, mufunseni kuti Barbie wake uti. Mapazi nawo ndi osiyana. Ena anaumbidwa monyang'ama, oyembekezera gogoda, ena ndi oponda pansi bwinobwino, ndipo nsapato ya uyu sikhala paphazi la uyo. Palinso zidole zikuluzikulu za masentimita 46 zimene ana a ku America amakonda, palinso makanda onga ali m'nyumba munoyu. Telala aliyense wapakhonde ku Ndirande amayamba ndi tepi asanagwire sizasi. Inu ophunzira mumayamba ndi PIN.

Amuna anga, ndafika kwa inu. Musayang'ane kudenga, kulibe loya kumeneko. Munandisiya ine mkazi wanu wakalekale n'kukapeza kamtsikana ka kukoleji, sindinadandaule, ndinangoti ukalamba ndi mlandu. Koma mphatso imene munamugulira ija ndiyo yandisowetsa tulo. Kachilombo kaubweya, makutu a kalulu, mano onse pamtunda ngati kamwana ka fisi, kokoleka pachikwama. Mwati dzina lake Labubu. Mwandiuza nokha kuti anakajambula ndi Kasing Lung wobadwira ku Hong Kong, kuti amakagulitsa ndi kampani ya ku China ya Pop Mart, ndiponso kuti kamabwera m'kabokosi komata, wogula osadziwa kuti mkatimo muli ka mtundu wanji mpaka atalipira. Pamenepo ndinakhala kaye chete. Kwathu nkhuku timaigula titainyamula, kuiyeza kulemera m'manja, kuitsina pachifuwa, kuiyang'ana m'maso ngati ili ndi chitopa. Dziko lafika pogula bokosi n'kumapemphera.

Ndiye inu simunagule n'komwe kwa eni akewo. Munagula kwa mnyamata wa pa WhatsApp amene analumbira kuti ndi orijino. Kenikeni kamakhala ndi mano 9. Mtsikana uja anawerenga inu muli pomwepo, anapeza 10. Zachinyengozo anzanu anazipatsa kale dzina, amati Lafufu. Munthu kugula chilombo, chilombocho n'kukhalanso chabodza! Ndipo chilonda chisanapole munaitanitsanso tizovala take, kajuzi ndi kachipewa, kuti kasamve chisanu cha mu June. Ine juzi yanga inabooka pachigongono, chino n'chaka chachitatu. Sindikudandaula ayi. Ndangotchulako.

Wachitatu sindimutchula, akudzidziwa yekha, ndi uyo akusosola mphasa yanga. Iyeyu sanalandire ngakhale kapulasitiki. Anaona kanyumba ka chidole ndi timipando take pamtengo wotsika kwambiri kuposa kwa ena onse, ndipo m'malo modabwa anathokoza Mulungu. Potumiza ndalama foni inamuonetsa dzina la wolandira, lachimuna, pamene iye ankacheza ndi mayi wa dzina lina. Atafunsa anamuuza kuti ndi nambala ya achimwene. Ndalama zitangolowa, chithunzi cha mayi uja chinazimiririka, uthenga uliwonse n'kumaima ndi tiki imodzi ngati mwana wolephera masamu. Inu mumati wamubuloka. Ife tinkati wamubera.

Musaganize kuti ife tinalibe zidole. Tinali nazo, ndipo zinali ndi tsitsi labwino kuposa la Barbie wanuyo. Chimanga chikayamba kumera ndevu, tinkazemba kulowa m'munda, kuthyola kachiwisi kamodzi, kuluka ndevu zija timangongo, n'kukabereka kumbuyo. Mtengo wake unali mkwapulo wa agogo anga, ndipo tinkalipira katundu titalandira kale. Chikapita chimanga chachiwisi tinkatola zitsononkho. Apo ayi tinkapita kudambo kukakumba dongo, kuumba kamunthu, kukaika maso a mikanda, n'kukayanika pamthunzi kuti kasang'aluke. Nthawi ya masanje, anthu atakolola, aliyense ankabwera ndi mwana wake, ndipo palibe amene anafunsapo ngati wa mnzake ndi orijino.

Zovala zake tinkazipeza kwa telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye, pansi pa makina ake a Singer. Tinkamusesera pakhonde, iye n'kutitapira zidutswa. Nditayamba kuphunzitsa, zidutswa za nsalu ya ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre ndizo ana ankaphunzirira kusoka, ndipo chovala choyamba cha mwana aliyense chinkakhala cha chidole. Telala wathu uja tinkamudziwa nkhope, mudzi wake, ndi tchalitchi chimene ankapemphera. Akakuchita chinyengo, mawa lake amayi ako ankakumana ndi mkazi wake kuchitsime, ndipo nkhani inkatha mtsuko usanadzaze. Bwalo lathu la ogula linali limenelo. Wogulitsa wanu wa leroyu chitsime chake chili kuti?

Ndipo kadiresi kako kaja, mkazi mnzanga, kakanakhala ka munthu, nthawi ya Kamuzu kakanakugonetsa m'chitokosi. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo. Barbie akanatsika ndege pa Chileka masiku amenewo, akanamumangirira chitenje asanaone njira ya m'tauni. Sindikuti lamulolo libwerere, inenso thalauza ndimavala kukazizira, pansi pa chitenje. Ndikungoti nsalu yochepa chonchija kale inali mlandu, lero ndi mtengo.

Pa mtengo pomwepo tiimepo. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, tonse tinaimva pa shuga ndi sopo. Tinthu timeneti timachokera kunja, kumisika ngati wa Yiwu ku China kumene tizinthu ta dziko lonse amatigulitsa mopikulitsa, ndipo timagulidwa ndi madola omwewo amene tikuwasowa pa mafuta ndi feteleza. Uikepo ndalama ya ndege, uikepo msonkho, uikepo phindu la woitanitsa, uikepo wakabaza. Pofika pageti, kansalu kokwana m'chikhatho kadya ndalama ya chitenje chathunthu, choti ine n'kupita nacho kuukwati anthu n'kundipatsa mpando wakutsogolo.

Pabwalo mlandu saweruza atamva mbali imodzi, ndiye ndinenepo za ogulitsawo. Si onse akuba. Ambiri ndi ana anzanu amene anamaliza sukulu ntchito n'kusowa, akuyesa kupeza ya ndiwo. Ena mwa iwo katunduyo sanamuonepo ndi maso. Amangotenga chithunzi cha wogulitsa wa kunja, chojambulidwa pafupi kwambiri ndi magetsi owala, n'kuchiika pafoni pawo. Ndalama yako ndiyo mpamba wawo, amakaitanitsa iwe utalipira. Katundu akafika wochepa, iwonso amadzidzimuka ngati iwe, kungoti iwo ndalama ali nayo kale m'manja. Wakhungu akutsogolera wakhungu mnzake, onse atanyamula mafoni apamwamba.

Tsono chigamulo changa ndi ichi, ndipo apilo kulibe.

Musanalankhule ndi wogulitsa aliyense, yezani chidole: msinkhu, chifuwa, chiuno, phazi. Tepi yanga ili m'chitini cha mabisiketi, ndipo ibwerere momwemo. Mukatero muuzeni wogulitsayo akupatseni miyeso ya chovalacho m'masentimita, ndipo achijambule chili m'dzanja lake, pambali pa bokosi la machesi. Machesi sanama, tonse timadziwa kukula kwake. Akakhala ndi mtima wabwino akuimbireni pavidiyo muchione akuchitembenuza, muone msoko wam'kati. Akayamba kuzungulira kuti katundu ali kusitolo ina, dziwani kuti sitoloyo ili m'mutu mwake.

Mufunse chimene mtengowo wanyamula. Chidole chili pachithunzicho chibwera nawo? Nsapato zili pomwepo? Ndi diresi limodzi kapena onse asanu amene akuonekawo? Timawu tachingerezi ting'onoting'ono ta pansi pa chithunzi ndi timene timanena zoona, ndipo ine wa magalasi ndimatiwerenga, inu a maso abwino mumatidumpha. Safunsa anadya phula.

Ndalama ituluke katundu ali m'manja. Wogulitsa akaumirira dipoziti, ikhale yoti ikapita simugona ndi njala, ndipo mugwirizane kaye molemba kuti chinthu chikabwera chosiyana ndi chithunzi, kapena tsiku likadutsa, abweza. Mufunsenso munthu wamoyo, womudziwa inu, amene anagulapo kwa iyeyo. Oyamikira a pansi pa chithunzi aja akhoza kukhala asuweni ake okhaokha. Potumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dzina likatuluka liwerengeni mofatsa ngati dzina la pakalata yaukwati. Likasiyana ndi la amene mukucheza naye, chala chibwerere. PIN yanu ili ngati mkanda wa m'chiuno, saonetsa mlendo, angalankhule mwaulemu chotani. Wina akakuimbirani kuti wakutumizirani ndalama molakwika mumubwezere, yang'anani kaye ngati ndalama zanu zachulukadi. Uthenga aliyense akhoza kulemba.

Zikavuta, musafufute kanthu chifukwa cha ukali kapena manyazi. Sungani mauthenga, chithunzi chimene anakuonetsani, nambala yake, ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinapita. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira 2003, lili ndi lina la mu 2016 loona zochitika pa intaneti, lilinso ndi bungwe la CFTC loona kuti malonda aziyenda mwachilungamo. Kuli apolisi, kuli kampani ya foni yoti muidziwitse msanga ndalama zisanatapidwe. Koma konseko adzakufunsani umboni. Misozi si risiti.

Apa pokha ndichotse nthabwala, ndipo mundiyang'ane. Tinsapato tija, timikanda, timaginito, ndi timabatire tonga batani ta m'zidole zoyaka ndi zoimba n'toopsa, popeza m'nyumba muno muli mwana wokwawa. Mwana wosakwana zaka 3 chilichonse amachiyesa ndi pakamwa. Pa zidole zopangidwa mwadongosolo pamakhala chizindikiro cha kankhope ka mwana kodulidwa ndi mzere wofiira, cholembedwa 0-3, koma tinthu tobwera m'kapulasitiki kopanda dzina sitichenjeza munthu. Kansapato kamatsamwitsa. Kabatire kakamezedwa kamawotcha kummero m'maola ochepa, ndipo timaginito tiwiri tikakumana m'matumbo timaboola. Zikachitika, musadikire kuti muone ngati katuluke kokha, thamangirani kuchipatala. Chidole chimagulidwanso china.

Tsono ndikuuzeni mmene mlandu wa kadiresi unathera, popeza ena munali kuntchito. Mwana atalira kuti mwana wake ali maliseche, ndinatenga tepi, ndinayeza, ndinadula chidutswa cha chitenje changa chakale cha kumvano, ndipo madzulo amodzi okha ndinasoka diresi la manja otukumuka, lomanga ndi timabatani tiwiri kumsana. Linakhala ngati anabadwa nalo. Mwana uja analiyang'ana, anathokoza mwaulemu monga ndinamuphunzitsira, analivula, n'kukulunga chidole chake m'kansanza kopukutira mbale, n'kuchibereka kumbuyo, ulendo kukasewera. Ndipamene ndinazindikira kuti pa nkhani yonseyi mwanayu analibemo. Iye amafuna mwana woti abereke. Diresi lonyezimira amalifuna ndi mayi wake, kuti alijambule anzake aone. Mukamagula tinthu timeneti muzinena zoona kuti mukugulira mwana wake uti, wam'manjayo kapena wotsalira mumtima mwanu. Sindikuletsani. Nanenso posoka timanja tija ndinapezeka ndikung'ung'udza nyimbo ya pamasanje.

Cholakwa chomaliza n'chako ndithu, mkazi mnzanga. Unajambula diresi langa lija osandipempha, n'kuliika pafoni. Kuyambira tsiku limenelo sindikupuma. Azimayi asanu ndi mmodzi akufuna lawo. Wina akuti ndimusokere lero lomwe koma miyeso alibe, akuti chidole chake ndi chapakatikati. Wina watsitsa mtengo mpaka kufika pa mtengo wa ulusi. Wina wa ku Chilomoni anandisoketsa, ndamaliza, iye zii ngati madzi a mumtsuko. Ndaona tsopano kuti ogula nanunso muli ndi azakhali omwalira kawiri.

Choncho lamulo la sitolo yanga mukawauze. Wofuna diresi abwere ndi chidole chake pakhonde pano, apereke moni, akhale pansi, tichiyeze. Nsalu aigwire yekha ndi zala zake. Dipoziti sindilandira, adzalipira chidole chitavala. Wobwera ndi kapaketi ka shuga sindimubweza, umenewo ndi ulemu chabe.

Bwalo latha, tengani mafoni anu. Inu amuna anga tsalani kaye. Bwerani ndi magalasi anga ali pawailesipo, mundionere ngati mayi wa ku Chilomoni uja wayankha. Ndamutumizira chithunzi cha diresi lake m'mawa, pambali pa bokosi la machesi, koma mpaka pano tiki ikadali imodzi.